Nyumba zopapatiza za m'mbali mwa ngalande ku Amsterdam

Ukaima pa mlatho wa ngalande ya Herengracht mumzinda wa Amsterdam, m'dziko la Netherlands, umaona nyumba zitathithikana ngati zala za dzanja, zazitali koma zopapatiza kumaso. Zinakhala chonchi chifukwa cha nthaka ndi malonda.

Mzindawu uli padambo. Kuti nyumba isamire m'matope, amisiri ankakhomera mitengo italiitali pansi mpaka igunde mchenga wolimba, moti nyumba yachifumu ya pa Dam, bwalo lalikulu lapakati pa mzindawu, yokha ikukhala pa mitengo 13,659. Poyamba ankamanga ndi matabwa, koma moto wa mu 1421 ndi wa mu 1452 utapsereza mzinda, njerwa zinayamba kulowa m'malo.

Mu 1613 anayamba kukumba ngalande zikuluzikulu za Herengracht, Keizersgracht ndi Prinsengracht. Nthawi imeneyo ndalama zinali kusefukira, makamaka kudzera m'kampani ya zamalonda ya Adatchi yotchedwa VOC, yokhazikitsidwa mu 1602, imene inkabweretsa tsabola ndi zonunkhiritsa kuchokera ku Asia. Wamalonda aliyense ankafuna khomo loyang'ana kumadzi kumene maboti ankaima, choncho malo anawadula aang'ono kumaso, aatali kumbuyo. Pansi pankakhala banja, m'mwamba munali nkhokwe. Masitepe ake ndi othina kwambiri, bokosi lalikulu silingadutse, n'chifukwa chake pansonga pa nyumba pamatuluka mtanda wokhala ndi mbedza, wokokera katundu ndi chingwe kuti alowere pawindo. Nyumba zambiri anazimanga dala zoweramira kutsogolo pang'ono, kuti katunduyo asakhule khoma pokwera. Mpaka lero anthu posamuka amagwiritsabe ntchito mbedza zimenezi, ndipo ine zimandisangalatsa kuposa zokongoletsa zonse za pakhomo.

Koma chuma china chinali cha misozi. Kampani ina ya Adatchi yotchedwa West India, yokhazikitsidwa mu 1621, inkanyamula Aafirika kukawagulitsa ukapolo ku Brazil ndi pa chilumba cha Curaçao ku Caribbean, ndipo phindu linkafika m'ngalande zomwezi, zimene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inaziika m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2010.

Mpondamatiki weniweni ankadziwika ndi kutambalala kwa nyumba yake. Abale awiri, Louis ndi Hendrick Trip, anamangitsa nyumba yotchedwa Trippenhuis m'mbali mwa ngalande ya Kloveniersburgwal pakati pa 1660 ndi 1662, motsogoleredwa ndi katswiri wojambula mapulani a nyumba Justus Vingboons. Ndi nyumba ziwiri zobisala kuseri kwa khoma limodzi lamiyala, lotambalala mamita pafupifupi 22. Abalewa ankagulitsa zida zankhondo ndipo sanabise: machumuni a padenga anawaumba ngati mizinga.