Antivayirasi Yokha Siingakutetezeni

"Koma ine ndili ndi antivayirasi." Mawu amenewa ndatopa nawo, ndipo kawirikawiri owanenawo amakhala kuti mafayilo awo atsekedwa kale. Antivayirasi imagwira mapulogalamu oipa amene ikuwadziwa kapena amene akuchita zokayikitsa. Siitseka mabowo amene ali mu Windows, mu browser kapena mu rauta yanu. Mabowo amenewo amatsekedwa ndi ma update, omwe aja mumangoti ndipanga mawa.

Nkhani ya WannaCry, kachilombo ka pakompyuta kotseka mafayilo n'kufuna dipo (ransomware), imandiwawabe mpaka lero. Pa 14 March 2017, Microsoft inatulutsa chigamba (update) chotchedwa MS17-010, chotseka bowo mu SMBv1, njira yakale imene makompyuta amagawanirana mafayilo pa netiweki. Pa 12 May chaka chomwecho, WannaCry inalowera pabowo lomwelo n'kufalikira m'mayiko oposa 150. Ku England, zipatala zambiri za boma (NHS) zinaimitsa maopaleshoni, odwala ena n'kubwezedwa. Panalibe choti munthu adine linki kapena atsegule imelo yachilendo ayi. Kachilomboka kankadzifunira kokha makompyuta osakonzedwa kudzera pa port 445, khomo la pa netiweki limene SMBv1 imadutsira, kakapeza imodzi n'kudumphira inanso. Chigamba chinalipo, chaulere, kwa miyezi pafupifupi iwiri. Anthu anangozengereza basi.

Ndiye yatsani ma update kuti azilowa okha, ndipo kompyuta ikapempha kuti muizimitse n'kuiyatsanso, chitani tsiku lomwelo, chifukwa zigamba zambiri siziyamba kugwira ntchito musanatero. Windows 7 inasiya kulandira zigamba mu January 2020, Windows 10 pa 14 October 2025, kupatula makompyuta amene analembetsedwa mu ndondomeko ya ESU yowonjezera nthawi yolandira zigamba. Za mapulogalamu a crack, aja othyoledwa kuti muwagwiritse ntchito osalipira, sinditaya nazo nthawi. Malangizo ake akamati muyambe mwazimitsa antivayirasi, mukuganiza kuti n'chifukwa chiyani?

Tsono zikachitika kuti mafayilo sakutsegukanso ndipo pasikirini pali uthenga wofuna dipo, mphindi zoyambazo n'zofunika kwambiri. Zulani chingwe cha netiweki, zimitsani Wi-Fi, chotsani hard drive ndi flash zonse zolumikizidwa. Jambulani uthengawo ndi foni. Musathamangire kupanga format, ndipo mafayilo otsekedwawo musawafufute. Webusaiti ya No More Ransom, imene Europol (bungwe la apolisi la ku Ulaya), apolisi a ku Netherlands ndi makampani a zachitetezo anakhazikitsa mu 2016, ili ndi makiyi aulere otsegulira mitundu ina ya ransomware, ndipo kiyi wa mtundu wanuwo akhoza kutuluka patapita miyezi. Mapasiwedi musinthire pa chipangizo china chabwinobwino, kuyambira ndi ya imelo, poti ndi kumene akaunti zina zonse zimatumiza uthenga wosinthira pasiwedi.

Chimene chimapulumutsa kwenikweni ndi backup: makope atatu a mafayilo, pa zosungira za mitundu iwiri, kope limodzi lili kwina. Koma hard drive imene imakhala yobaya pa kompyuta usana ndi usiku si backup, imatsekedwa limodzi ndi zina zonse. Foda imene imadzitumiza yokha ku cloud nayonso ikhoza kutumiza mafayilo owonongekawo, choncho onetsetsani kuti kumeneko kukusungidwa makope akale. Ndipo kamodzikamodzi yesani kubweza fayilo imodzi muone ngati ikutseguka.

Akathyali nawo amadikirira nthawi ya mantha yomweyi. Uthenga wofiira ukadzadza sikirini, alamu ikulira, n'kukupatsani nambala yoti muimbe, limenelo ndi tsamba la pa intaneti chabe. Microsoft siika nambala ya foni pa mauthenga ake ochenjeza, ndiponso siimbira anthu mwadzidzidzi. Tsekani browser pogwiritsa ntchito Task Manager. Mukaimba, adzakuuzani kuika AnyDesk kapena TeamViewer, omwe pawokha ndi mapulogalamu abwino oyendetsera kompyuta munthu ali kutali, koma mukawapatsa nambala yolowera ndiye kuti kompyuta mwaipereka m'manja mwawo, akaunti ya kubanki ili momwemo.

Palinso ena amene amalonjeza kutsegula ransomware ya mtundu uliwonse. Popanda kiyi kapena cholakwika m'kachilomboko, zimenezo sizitheka. Ena mwa iwo amangokalipira achifwambawo mwakabisira n'kukulipiritsani zochulukirapo. Wokonza aliyense mufunseni dzina la kachilomboko ndi chida chimene agwiritse ntchito. Akayamba kuzungulira, nyamulani kompyuta yanu.