Kujambula ulendo wa ntchito popanga ndege: mafunso ndi mayankho

Kodi value stream mapping n'chiyani?

Ndi kujambula mapu a ulendo wonse wa ntchito, kuyambira pamene kasitomala wapempha kanthu mpaka atalandira, kuti muone pamene nthawi ikutayikira. Njirayi inachokera ku Toyota ku Japan. Opanga ndege ku America anayamba kuitsata kwambiri kudzera mu ndondomeko ya Lean Aircraft Initiative, yomwe inayamba mu 1993 ku yunivesite ya MIT mothandizana ndi asilikali a ndege a dzikolo.

Mufakitale zitsulo zimaoneka zikuyenda. Nanga mu ofesi ya mainjiniya chimayenda n'chiyani?

Zojambula, masamu, zotsatira za mayeso, zilolezo. Apa ndi pamene pagona nkhani. Zitsulo zikaunjikana pansi, munthu amapunthwa nazo n'kufunsa kuti mwini wake ndani. Koma chojambula cha phiko chikhoza kugona mukompyuta milungu ingapo kudikira siginecha, osaonedwa ndi aliyense, pomwe mainjiniya onse ali kalikiliki ndi zina. N'chifukwa chake mu 2005 Hugh McManus wa ku MIT analemba malangizo apadera a mainjiniya, poona kuti za kufakitale sizingangokopedwa mmene zilili.

Mapuwo amajambulidwa bwanji?

Nthawi zambiri pakhoma, papepala lalitali ndi timapepala tomata. Mumasankha chinthu chimodzi, tinene pempho losintha kachitsulo kogwira mawaya, n'kulitsata phazi ndi phazi: wojambula, wowerengera mphamvu ya chitsulo, woona za kulemera, wogula zipangizo, wovomereza. Pa kapepala kalikonse mumalemba nthawi ziwiri, yomwe munthu anagwiradi ntchitoyo ndi yomwe inangokhala pamzere. Mumalembanso pamene inabwezedwa m'mbuyo.

Ojambula akhale eni ntchito, osati mabwana okha. Bwana amakuuzani zimene zili m'buku la malamulo. Amene amadziwa kuti fayilo imadikira msonkhano wa Lachinayi chifukwa wosaina ndi mmodzi yekha, ndi uja amaitumiza. Akamaliza mapu a mmene zilili lero, amajambula ena a mmene akufunira kuti zikhale.

Kodi si njira yongofulumizitsa anthu?

Ayi, ndipo kampani ikaitenga choncho yaphonya. Kawirikawiri mapu amaonetsa kuti nthawi yodikira ndi yaitali kuposa yogwira ntchito. Kukankha injiniya kuti amalize masamu msanga sikuthandiza ngati pepala lake likagonanso patebulo lina.

Nanga chitetezo? Ndege si galimoto yoti ingaime pambali pa msewu.

Ntchito imagawidwa patatu: yowonjezera phindu, yosawonjezera phindu koma yofunika, ndi yongotaya nthawi. Mayeso ndi zikalata zimene mabungwe oona za chitetezo cha ndege, FAA ku America kapena EASA ku Ulaya, amafuna asanavomereze ndege sizichotsedwa. Chimachotsedwa ndi monga kulemba manambala omwewo m'makompyuta awiri osalumikizana, kapena masiginecha asanu pomwe owerengadi ndi awiri.

Kubwereza ntchito kulikonse n'koipa?

Ayi. Injiniya akayesa maonekedwe atatu a phiko kuti apeze abwino, akuphunzira, ndipo kuteroko kumafunika poyambirira pamene kusintha n'kotchipa. Koipa ndi kubwereza chifukwa zofunika za kasitomala zinafika mochedwa, kapena chifukwa wina anagwiritsa ntchito chojambula chakale osadziwa kuti chinasinthidwa dzulo.