Madzi a suweji ndi mapaki a ku Joni: nkhani yochokera kutali

Amalume anga amagwira ntchito ya m'gadeni ku Randburg, dera la mumzinda wa Johannesburg. Nyengo yotentha amadzuka kusanache, chifukwa mzinda umaletsa kuthirira ndi paipi kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Tsiku lina, paipi ili m'manja, nsapato zitanyowa, anandifunsa kuti: "Mphwanga, madzi akumwa abwinobwinowa tiziwamwetsa kapinga mpaka liti?" Funso lomweli ndi limene limabuka anthu akamakambirana zoti mapaki a mzinda azithiriridwa ndi madzi a suweji oyeretsedwa.

Johannesburg inamangidwa pamtunda wopanda mtsinje waukulu. Golide wa mu 1886 ndiye anasankha malowa, madzi anachita kutsatira pambuyo. Bungwe la Rand Water, lomwe limagulitsa madzi ku mzindawu, linakhazikitsidwa mu 1903, damu la Vaal linatha mu 1938, ndipo mu 1986 panasainidwa pangano lotenga madzi kumapiri a Lesotho. Dontho lililonse limapopedwa kukwera mtunda ndi magetsi. Mu 2016, chilala chitavuta, madzi a mu Vaal anatsika mpaka anangotsala opitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi a damulo, ndipo ambiri a ife tinaona kapinga wa mabwana akusanduka wofiira ngati dambo la mu Okutobala kwathu.

Koma kugwiritsanso ntchito madzi a suweji si zachilendo kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 khonsolo inatsegula famu ya suweji ku Klipspruit, ndipo mu 1904, mliri utabuka m'tauni, anthu akuda anasamutsidwira kudera lomwelo. Malo amenewo ndiwo anadzakhala Pimville ya ku Soweto. Kumpoto, pafupi ndi Diepsloot, kuli Northern Works, malo aakulu kuposa onse oyeretsera suweji mumzindawu. Madzi ake ankathirira msipu wa ng'ombe pa Northern Farm, ndipo ena ankaziziritsa makina a pa siteshoni ya magetsi ya Kelvin. Otsala amathiridwa mu mtsinje wa Jukskei n'kukathera ku damu la Hartbeespoort, komwe namasupuni wadzaza monga timamuonera pa Shire ku Liwonde. Chakudya chimene chikunenepetsa namasupuniyo chikanameretsa udzu pamabwalo osewerera ana.

Nanga chikuvuta n'chiyani? Ndalama, komanso kakhalidwe ka nthaka. Suweji imayenda motsetsereka, choncho malo oyeretserawo ali kumunsi, m'mphepete mwa mzinda. Mapaki otchuka ngati Zoo Lake, Emmarentia ndi Joubert Park ali kutali, kumtunda. Kuti madziwo abwerere pamafunika mapaipi awoawo osakhudzana ndi a madzi akumwa, mapampu, mathanki, ndi anthu owapima kawirikawiri kuti mwana wogubuduka pa udzu asadwale. Ndiye pali mabungwe awiri: suweji ndi ya Johannesburg Water, mapaki ndi a Johannesburg City Parks and Zoo. Wina amatulutsa madzi, wina ndiye angawagwiritse ntchito, ndipo aliyense ali ndi thumba lake. Otsutsa nawonso sanena zopanda mutu. Pafupifupi theka la madzi amene mzinda umagula sabweza ndalama, ena amatayikira m'mapaipi akale, ena salipiridwa. Munthu amene wakhala masiku angapo mpopi uli gwa, akudikira thanki ya galimoto ndi chigubu, sungamuuze msanga za kapinga.

Ine ndimaona kuti pamene pamalakwika ndi poyambira. Tikaganiza za mapaki a kumadera a anthu olemera, mtengo umakula n'kufooketsa aliyense. Koma malo oyeretsera suweji a Goudkoppies, Bushkoppie ndi Olifantsvlei ali kummwera, kufupi ndi Soweto ndi Eldorado Park, ndipo Northern Works yayandikana ndi Diepsloot, komwe abale athu ambiri amachita lendi ndipo ana amamenya mpira pafumbi. Kumeneko paipi ndi yaifupi. Anthu a madera amenewa ndi amene akhala akununkhidwa ndi suweji ya mzinda wonse kuyambira masiku a Klipspruit, ndipo ngati ndalama zingapezeke za paki imodzi yokha, ndingakonde kuti ikhale ya kwawo.