Mpando wa pakhomo ndi msana wanu

Kuno ku Mangochi ntchito zambiri timagwira chokhala. Msodzi akavuuka m'nyanja amakhala pamchenga kusoka ukonde mpaka dzuwa kupendeka. Mayi amatambalala pamphasa kusankha mpunga, khosi lili chowerama. Madzulo abambo amazungulira bawo atakhala pa timipando tatifupi, maondo atatsala pang'ono kugunda chifuwa. Podzuka, dzanja limathamangira m'chiuno, ndipo mawu ake amakhala amodzimodzi: "Ukalamba uwu." Koma anyamata ndi atsikana omwe sanafike n'komwe zaka 30 akudandaulanso zomwezo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni anali ndi vuto la kupweteka kwa msana wa m'munsi, ndipo palibe vuto lina lolepheretsa anthu kugwira ntchito kuposa limeneli. Zoyambitsa ndi zambiri. Kakhalidwe kathu ndi chimodzi mwa zomwe tingathe kukonza tokha pakhomo, osawononga ndalama.

Msana ndi timafupa tosanjikizana, ndipo pakati pake pali tizinthu tofewa ngati mphira toteteza kuti timafupato tisakhulane. Munthu akaima, cha m'chiuno msana umapindikira m'kati pang'ono. Akakhala chowerama, malo amenewa amapindikira kunja, minofu n'kukokeka. Kwa mphindi zochepa palibe vuto. Kwa maola atatu tsiku ndi tsiku, thupi limayamba kulira.

Mphasa ilibe mlandu

Ena amaganiza kuti kukhala pansi ndiye kumaononga msana, mankhwala ake n'kugula sofa. Ayi. Amene anazolowera kukhala pamphasa kapena kunyonyomala amapinda maondo ndi chiuno kambirimbiri patsiku, ndipo zimenezi zimathandiza kuti mfundo za mafupa zisaume. Choopsa ndi kukhalitsa mwa mtundu umodzi osasuntha. Mukamagwira ntchito pamphasa, tsamirani khoma kapena tsinde la mtengo, ndipo khalirani chitenje chopindapinda kuti matako akwereko pang'ono. Lichero liikeni pa chinthu chokwera, monga ndowa yovundikira, m'malo moti inu muzilitsatira pansi. Miyendo muziisinthasintha isanachite dzanzi.

Sofa yakale ija, imene siponji yake inatha n'kusiya dzenje pakati, ndiye mdani weniweni. Munthu amamiramo, matako pansi, maondo m'mwamba, msana utapindika ngati uta. Zimamvetsa chisoni kuona agogo akupatsidwa mpando woterewu poti ndi wolemekezeka m'nyumbamo, kenako pofuna kudzuka mpaka awakoke mikono. Ikani thabwa pansi pa khushoni, kapena sinthani siponjiyo. Mpando wa ndalema ndi wabwino popumira kwa kanthawi, koma si wodyerapo kapena wowerengerapo.

Mukapita kwa kalipentala kapena pamsika, musangoyang'ana polishi. Khalanipo. Mapazi onse agunde pansi bwinobwino. Maondo akhale pamlingo umodzi ndi chiuno kapena kutsikirapo pang'ono. Mukafikitsa matako kumbuyo kwenikweni, pakati pa mphepete mwa mpando ndi kuseri kwa bondo patsale mpata wolowa zala ziwiri kapena zitatu. Mipando yambiri imakhala yotalika pafupifupi masentimita 45 kuchokera pansi, zomwe ena siziwakwanira. Wamfupi aike njerwa kapena thabwa popondera. Ngati potsamira pali poongoka kwambiri, kulungani chitenje kapena thaulo n'kuika cha m'chiuno. Kwa okalamba, amayi oyembekezera ndi odwala maondo, mpando ukhale wolimba, wokwererako, wokhala ndi pogwira manja. Wapulasitiki umene wayamba kutagadza miyendo kapena kung'aluka uchotseni, usadzagwetse munthu.

Ana nawo tisawaiwale. Mwana amene amalembera homuweki pansi atawerama pa kuwala kwa tochi amatopa khosi msanga. Kathebulo kofika m'zigongono mwake akakhala n'kokwanira. Foni nayo muziikweza pafupi ndi maso, osati kuigwirira pamiyendo.

Ngakhale mpando utakhala wabwino chotani, dzukani pakatha mphindi 30 kapena pamenepo, yendani pang'ono, dziwongoleni. WHO imalimbikitsa akuluakulu kugwiritsa ntchito thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ana mphindi 60 patsiku. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga ndi kulima zonse zimawerengedwa. Msana ukayamba kupweteka, musagone masiku ambiri. Kuyendayenda pang'onopang'ono kumachiritsa msanga kuposa kubindikira pabedi. Mankhwala monga bufeni ndi indosidi, mukamamwa kwa nthawi yaitali popanda malangizo, amaononga m'mimba ndi impso.

Ngati pakhomo pali wodwala sitiroko kapena wina wosatha kusuntha yekha, musamusiye pampando tsiku lonse. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala thukuta limafewetsa khungu, zilonda n'kuyamba msanga m'matako. Musinthireni kakhalidwe pafupipafupi, pabedi mutembenuzeni maola awiri alionse, ndipo yang'anani khungu lake tsiku lililonse.

Pamene mpando sungathandize

Si msana uliwonse wopweteka umene gwero lake ndi mpando. TB imathanso kugwira mafupa a msana. Ngati ululu ukubwera pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku, kuonda, kapena mwatuluka chotupa pamsana, pitani kuchipatala cha pafupi kapena cha boma ku Mangochi Boma. Chimodzimodzi ngati ululu wayamba mutagwa, ukuvuta ndi pokodza pomwe, kapena watha masabata angapo osasintha. Koma miyendo ikayamba kufooka, mukachita dzanzi pakati pa miyendo, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikamatuluka zokha kapenanso kukana kutuluka, musadikire kuti kuche. Pezani kabaza kapena galimoto nthawi yomweyo.