Msonkho Unachotsedwa, Chipata Chinatsala: Mbiri ya Mikangano ya Mkaka ku Lusaka

Pa msewu wa Ben Bella mu Lusaka pali likulu la COMESA, bungwe limene linakhazikitsidwa kuti mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa azigulitsana katundu mosavutitsana. Mumzinda uno ndi mmene munasainidwa pangano loyamba la mgwirizanowu mu Disembala 1981, ndipo muno momwemonso, pa 31 Okutobala 2000, mayiko 9 analengeza kuti achotsa msonkho pa katundu wopangidwa m'mayiko mwawo. Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi Kenya anali m'gulu la mayikowo. Munthu wowerenga pangano lokhalo angaganize kuti kuyambira tsiku limenelo mkaka wa ku Nairobi unayamba kupezeka m'masitolo a pa Cairo Road, msewu waukulu wa malonda mu Lusaka, koma kwa zaka zoposa khumi mkakawo unakanizidwa kulowa m'dziko lomwelo limene limasunga likulu la bungweli. Kuti zimenezi zimveke, tiyenera kubwerera m'mbuyo ndithu.

M'nthawi ya atsamunda, mkaka wogulitsa unkachokera m'mafamu a azungu amene anandanda m'mbali mwa njanji, kuyambira ku Mazabuka, kudzera ku Lusaka ndi ku Chisamba, mpaka kumigodi ya mkuwa kumene kunali ogula. Atonga, Aila ndi Alozi anali ndi ng'ombe zambiri ndipo mabisi, amene ife akum'mawa timati chambiko, sankasowa pakhomo, koma mkaka wawo sunkawerengedwa ngati malonda. Pa zaka za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, katundu wa ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, ankalowa kuno ku Zambia popanda msonkho, ndipo mafakitale ambiri anamangidwa ku Salisbury ndi ku Bulawayo, pamene kuno kunkangochokera mkuwa. Akuluakulu amene anaona zaka zimenezo anaphunzirapo kuti malire otseguka amalemeretsa amene ali ndi fakitale kale, ndipo maganizo amenewa sanachoke m'mitu ya olamulira mpaka lero.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, malonda a mkaka anaikidwa m'manja mwa bungwe la boma la Dairy Produce Board, limene linkagula kwa alimi, kuukonza ndi kuugulitsa pa mtengo woikidwa ndi boma. Alimi ambiri achizungu anachoka, mkaka wokamidwa unachepa, pamene anthu m'matauni ankachuluka chaka ndi chaka. Bungwelo linayamba kudalira mkaka waufa wochokera kunja, umene unkasungunulidwa ndi madzi m'fakitale n'kuikidwa m'mapaketi. Njira imeneyi inkayenda bwino mkuwa uli pa mtengo, koma mtengowo utagwa cha m'ma 1975 ndalama zakunja zinasowa, ndipo amene anakulira mu Lusaka wa nthawi imeneyo amakumbukira mizere ya m'mamawa yodikirira mkaka, shuga, sopo ndi mafuta ophikira.

Pamwamba pa zimenezo panabwera nkhani ya malire. Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu ku Rhodesia, atalengeza ufulu wa dzikolo popanda chilolezo cha Britain pa 11 Novembala 1965, Zambia inayamba kufunafuna njira zina zofikira kunyanja, ndipo malole ankavutika ndi msewu wamatope wopita ku Dar es Salaam. Mu Januwale 1973 Smith anatseka malire. Patapita milungu yochepa anafuna kutsegula, koma Kenneth Kaunda anakana, ndipo njanji ya kum'mwera sinagwiritsidwenso ntchito poyera mpaka mu Okutobala 1978, pamene kusowa kwa feteleza kunakakamiza boma kusintha maganizo. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, inamalizidwa mu 1975 pofuna kuthana ndi vuto lomwelo. Mabanja amene anali ndi abale kutsidya la Zambezi anakhala zaka osaonana. M'badwo umenewo unadzionera wokha kuti chipata chikhoza kutsekedwa usiku umodzi, ndipo dziko lodalira chakudya cha kwa mnansi limagona ndi njala likayambana naye.

Zinthu zinatembenuka Frederick Chiluba atalowa m'boma mu 1991. Mitengo inamasulidwa, misonkho ya katundu wolowa inatsitsidwa kufikira waukulu unakhala 25 peresenti, ndipo makampani a boma anagulitsidwa. Shoprite inatsegula sitolo yake yoyamba pa Cairo Road mu 1995, ndipo mu 1996 Dairy Produce Board inagulidwa ndi kampani ya ku South Africa ya Bonnita, imene pambuyo pake inamezedwa ndi Parmalat ya ku Italy. Chosintha chachikulu, kwa ine, chinachitikira kumidzi. Makopaletivi anayamba kumanga malo osonkhanitsira mkaka okhala ndi thanki yoziziritsira, monga ku Magoye, ku Monze ndi ku Choma, ndipo mlimi wa ng'ombe zitatu anayamba kulandira ndalama mwezi ndi mwezi.

Ndinaonapo mmene ntchitoyi imayendera m'mawa wina ku chigawo cha kum'mwera. Alimi ankafika pa njinga dzuwa lisanakwere, chitini cha mkaka chomangidwa ndi mphira pakaliyala, n'kuima pamzere mosalankhula zambiri. Mnyamata wolandira mkaka ankatunga pang'ono m'chitini chilichonse n'kusakaniza ndi mankhwala a sipiriti m'kambale, ndipo mkaka ukagwirana tizibuma ankangopukusa mutu. Kenaka ankaviika kachipangizo kagalasi koyandama kuti aone ngati wina wathirako madzi. Bambo wina wachikulire mkaka wake unakanidwa chifukwa tayala linaphulika panjira ndipo anafika mochedwa. Anangoti, "Mwanawe, ndiye ndikamwetse ana a ng'ombe?" Mnyamatayo anayankha mwaulemu kuti, "Pepani atate, ndikathira uwu thanki yonse iwonongeka." Ndafotokoza zimenezi chifukwa mkangano wa Zambia ndi Kenya unali wa kambale komweko, kungoti oima pamzere anali mayiko.

Zambia inanena kuti mkaka wosaphika umene fakitale imalandira usapitirire mabakiteriya 200,000 pa mililita imodzi, pamene muyezo wa ku Kenya unkalola ochuluka kangapo kuposa pamenepo, chifukwa mkaka wambiri kumeneko umachokera kwa alimi ang'onoang'ono okhala kutali ndi mathanki oziziritsira. Akenya anayankha kuti iwo sakufuna kugulitsa mkaka wosaphika, koma wa m'makatoni umene umatenthetsedwa kwambiri kwa masekondi ochepa kufikira tizilombo tonse titafa, choncho muyezowo ndi chonamizira chabe chotetezera mafakitale a mu Lusaka. Akatswiri a kuno anati kutentha kumapha tizilombo koma sikuchotsa zonse zimene tasiya mumkakamo, ndipo mkaka umene unayamba uli woipa sukhalitsa bwino pa shelefu. Nkhaniyi inalowa m'misonkhano ya COMESA kambirimbiri, atsogoleri a mayiko awiriwa ankaitchula akamachezerana, ndipo inkayenda limodzi ndi ina ya mafuta ophikira a ku Kenya, amene Zambia inkati ndi mafuta a kanjedza a ku Asia ongoyengedwa pang'ono, osakwanira lamulo lakuti katundu awonjezeredwe phindu la 35 peresenti m'dziko la membala kuti alowe popanda msonkho.

Ndikaona ine, mbali zonse ziwiri zinkanena zoona, koma palibe imene inkanena zoona zonse. Muyezo wa ukhondo ndi weniweni, ndipo mlimi wa ku Magoye amene amabwezedwa ndi chitini chake ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake mlendo aloledwe ndi muyezo wofewa. Komabe n'zovuta kukhulupirira kuti akanakhala katundu amene Zambia sapanga, mkanganowo ukanatenga zaka zonsezo. Pangano la 2000 linalanda maboma chida cha msonkho, ndipo iwo anatola zida zimene zinatsala, zomwe ndi muyezo, chilolezo cholowetsera katundu, chiphaso cha dokotala wa ziweto ndi chikalata chosonyeza kumene katundu anapangidwira. Kenya yomweyo, imene inkadandaula ku Lusaka, inalanda ndi kuletsa mkaka wa Lato wochokera ku Uganda kumayambiriro kwa 2020.

Chodabwitsa n'chakuti mkaka umene umapikisana kwambiri ndi mlimi wa kuno suchokera ku Kenya. Ndi waufa. Mu Ogasiti 2014 Russia inaletsa zakudya za ku Ulaya, kuphatikizapo za mkaka, pobwezera zilango za nkhani ya Ukraine, ndipo mu Epulo 2015 mayiko a European Union anachotsa malire a kuchuluka kwa mkaka umene alimi awo ankaloledwa kukama. Mkaka unasefukira, unaumitsidwa kukhala ufa, mtengo wake unagwa pa dziko lonse, ndipo wina unachotsedwa mafuta ake n'kuikidwa mafuta a zomera kuti utsike mtengo koposa. Alimi a ku Zambia, kudzera m'bungwe lawo, akhala akupempha boma kuti likweze msonkho pa ufa wotere. Pempholi ndi lomveka, koma boma likalimva limakumbukiranso anthu ena awiri. Woyamba ndi mwini fakitale, amene amadziwa kuti m'dzinja msipu ukakhala wobiriwira mkaka umachuluka, koma pofika Seputembala ndi Okutobala ng'ombe za kumudzi zimauma, ndipo popanda ufa makina aima. Wachiwiri ndi mayi wa ku Kanyama kapena ku Chawama amene alibe firiji, amene amagula kapaketi kamodzi ka ufa pa kantemba kuti ana amwere tiyi asanapite kusukulu. M'chaka cha chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ngakhale okhala ndi firiji anabwerera ku kapaketi komweko.

Mikangano imeneyi imalembedwa m'maofesi, koma woyamba kuimva ndi wapaulendo. Mu Juni 2016 Zimbabwe inatulutsa lamulo lotchedwa Statutory Instrument 64, loletsa kulowetsa popanda chilolezo zinthu zambiri, mwa izo yogati, tchizi, ayisikirimu, mkaka wokometseredwa ndi ufa wothira mu khofi. Amalonda ang'onoang'ono amene ankakhalira kunyamula zinthu zimenezi anakwiya, ndipo pa 1 Julayi ku Beitbridge kunabuka zipolowe, nyumba yosungiramo katundu wolandidwa inatenthedwa ndipo chipata chinatsekedwa kwa kanthawi. Mkanganowo unali wa Zimbabwe ndi South Africa, koma mabasi ochoka pa siteshoni ya Intercity mu Lusaka kupita ku Johannesburg ankadzera ku Chirundu ndi ku Beitbridge komweko, kotero kuti anthu a ku Lusaka anaugonera panjira. Mlatho wa Kazungula utatsegulidwa mu Meyi 2021, oyenda ulendo wa kum'mwera anapeza njira yosavuta yodzera ku Botswana.

Pali zimene zinakonzedwa, ndipo si bwino kuzibisa. Chirundu inakhala chipata choyamba mu Africa chimene wapaulendo amaima kamodzi kokha m'malo mwa kawiri, kuyambira mu Disembala 2009, ndipo cha Mwami ndi Mchinji chinatsatira mu Disembala 2022. Mu 2010 COMESA inayambitsa ndondomeko yofewetsera amalonda ang'onoang'ono a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, imene inadzafika polola katundu wosapitirira madola 2,000 kudutsa ndi fomu yaifupi, malinga ngati ali pa mndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana. Koma fomuyo imachotsa msonkho wokha. Chilichonse chochokera ku chiweto chimafunabe chilolezo ndi chiphaso cha zaumoyo, ndipo matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka pakati pa ng'ombe, ngakhale ziphasozo zimaimitsidwa. Azakhali anga, amene anayenda malonda a m'malire zaka zambiri, anasiya kunyamula za mkaka atagona usiku wonse pa chipata china, basi itawasiya, makatoni ali pambali pawo, akudikira pepala limene ofesi yake inali kutali kulikulu. Ankati chitenje sichisasa ngakhale chigone masiku atatu, ndipo kuyambira pamenepo anasankha zitenje.

Zaka zaposachedwa zaonetsa kuti chizolowezichi chikupitirira. Mu Ogasiti 2024, Congo italetsa mowa ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi zochokera kunja, ndipo zionetsero zitabuka kutsidyako, Zambia inatseka zipata za Kasumbalesa, Mokambo ndi Sakania kwa masiku ochepa, malole n'kundanda mtunda wautali. Mu Malichi 2025 Malawi, posowa ndalama zakunja, inaletsa kulowetsa zinthu zingapo, mwa izo mkaka wamadzi, mpunga ndi ufa wa chimanga. Tanzania inabwezera mu Epulo poletsa zokolola za ku Malawi ndi za ku South Africa, ndipo pa chipata cha Songwe amayi ogulitsa nthochi ndi tomato anaonerera katundu wawo akuwola kufikira maboma atakambirana.

Chaka chomwecho cha 2025 mu Lusaka munachitika chinthu chimene alimi a m'zaka za Bonnita sakanachiyembekezera. Lactalis, kampani ya ku France imene inagula Parmalat mu 2011 n'kutenga fakitale yochokera ku Dairy Produce Board, inalengeza kuti isiya kupanga mkaka mu Zambia kumapeto kwa Malichi, ndipo katundu wake azibwera wopangidwa kale kuchokera kunja, makamaka ku South Africa, dziko limene Zambia ili nalo m'pangano la malonda la SADC. Alimi amene ankatumiza mkaka wawo kumeneko anayenera kukagogoda kwa ogula ena, monga Zambeef ya ku Chisamba, Finta ya ku Livingstone ndi mafakitale atsopano a mu Lusaka, ndipo makopaletivi a kum'mwera anayamba kufunsana kuti lole ya thanki imene izibwera m'mawa idzakhala ya yani.