Kogin: luso la singano lobadwa ndi lamulo loletsa thonje

Ku Tsugaru, kumpoto kwenikweni kwa chilumba cha Honshu ku Japan, chisanu chake si chamasewera. Chipale chofewa chimakwirira minda miyezi ingapo, ndipo thonje silimera n'komwe. Kalelo nsalu ya thonje inkachita kubwera pa zombo kuchokera kumwera, ndiye mtengo wake unali wa olemera okha. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, mu 1724 olamulira dera ali ku Hirosaki anakhazikitsa lamulo loti alimi asamawononge chuma, ndipo zovala za thonje anawaletsa.

Chimene chinawatsalira ndi nsalu yolukidwa ndi luzi la zomera zimene eni ake amati asa. Chimodzi mwa zomerazo ndi mtundu wa chamba, chodzalira ulusi osati chosuta ayi. Nsaluyo ankainyika mu utoto wabuluu wochokera ku masamba. Kulimba inali yolimba, koma mipata yake inali ngati ya chiguduli, mphepo inkangodutsa. Pa mapewa posenzera nkhuni ndi makala sinkachedwa kuperepeseka.

Amayi anatenga singano n'kuyamba kutseka mipatayo ndi ulusi, mzere ndi mzere, kuti chovala chikhuthale. Poyamba ulusi wake unali wa luzi lomwelo. Ulusi woyera wa thonje utayamba kupezeka m'zaka za m'ma 1800, zoyerazo zinawala pa buluu uja, ndipo ntchito yotseka mphepo inasanduka china. Dzina la lusoli, loti kogin, linachokera ku mawu otanthauza chovala cha kumunda.

Ine chimene chimandigwira mtima ndi chakuti wosoka sajambula kalikonse pa nsalu. Amangowerenga. Singano imayenda chopingasa, kulumpha ulusi umodzi, utatu, usanu kapena isanu ndi iwiri, nthawi zonse nambala yosagawika pawiri. Akaphonya ulusi umodzi wokha, mizere yotsatira yonse imakhota. Mwa kuwerenga kumeneko mumatuluka tizithunzi tosongoka pamwamba ndi pansi totchedwa modoko, ndipo mayina ake ndi a zinthu za pakhomo: kanyemba, chikho, gulugufe, phazi la mphaka. Wosoka amatiphatikiza mpaka chifuwa ndi msana wonse wa chovala zitadzaza. Anansi awo a ku Nanbu ali ndi kasokedwe kofanana kotchedwa hishizashi, koma iwo amawerenga manambala ogawika pawiri, choncho tizithunzi tawo timatambalala m'mbali.

Wodziwa ankatha kuona chovala n'kunena kwawo kwa mwini wake. Kumadzulo kwa mtsinje wa Iwaki ankasoka mizeremizere pa mapewa, paja ndi pamene katundu ankadya nsalu. Kum'mawa ulusi wa nsalu unali wokulirapo ndipo zithunzi zake zinali zazikulu. Cha kumpoto ankaika mizere itatu yooneka patali. Mtsikana ankapatsidwa singano akadali wamng'ono, ndipo pokwatiwa ankapita ndi zovala zosoka yekha. Zoyera zija zikada, chovala sichinkatayidwa. Ankachinyikanso mu utoto chonse, zithunzi n'kubisala mu buluu, ndipo chotero ankavala kwambiri ndi amayi achikulire.

Chinapha lusoli ndi njanji. Sitima yochokera ku Tokyo inafika mumzinda wapafupi wa Aomori mu 1891, ku Hirosaki inafika mu 1894, ndipo nsalu ya thonje inadzaza m'masitolo pa mtengo wotsika. Ndani akanathera chisanu chonse akuwerenga ulusi pamene chovala chofunda chili pa msika? Sindingawadzudzule amayi amene anaika singano pansi.

Mu 1932 Yanagi Soetsu, amene ankatsogolera gulu la mingei lolemekeza zopangidwa ndi manja a anthu wamba, analemba zotamanda kogin m'magazini yotchedwa Kogei. Anthu a m'tauni anayamba kufunafuna zovala zimene eni ake anali atazikankhira m'mabokosi, ndipo zina zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Ku Hirosaki kuli bungwe la Hirosaki Kogin Institute limene linasonkhanitsa zithunzi zakalezo. Amayi a m'bungweli akusokabe, koma lero amasoka pa zikwama, pa tizikwama ta ndalama ndi pa lamba wa kimono (chovala cha makolo cha ku Japan), ndipo ulusi wake ndi wa mitundu yonse.