Ngozi ya ku Dryden ndi mwambo wosadzudzula kaputeni mnzako

Papita zaka zoposa 35 chichitikireni ngozi ya ndege ya Air Ontario ku Dryden, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Ontario ku Canada, koma funso limene ngoziyo inasiya likadavutitsabe anthu a ntchito ya ndege: kodi woyendetsa ndege akaona choopsa pa ndege imene akuyendetsa ndi mnzake, alankhule kapena asiyire eni ake?

Pa 10 Marichi 1989, ndege ya mtundu wa Fokker F28 inachoka ku Thunder Bay kupita ku Winnipeg, ndipo inaima ku Dryden kuti imwe mafuta. Kainjini kamene kamathandiza kuliza injini zikuluzikulu ndege ili pansi kanali kakufa, ndipo pabwalo la Dryden panalibe makina olizira ndege ya mtunduwu. Choncho Kaputeni George Morwood anasiya injini imodzi ikulira, podziwa kuti akazimitsa zonse ulendo uthera pomwepo. Apa ndi pamene zinthu zinamangana, chifukwa malamulo a kampaniyo ankaletsa kupopera mankhwala osungunula chipale pa F28 injini ikulira. Chipale chofewa chinayamba kugwa kwambiri, ndipo atati azinyamuka anawadikiritsanso kuti kandege ka Cessna 150, kamene kanapanikizika ndi nyengoyo, katere kaye.

M'mphindi zodikirazo ndi mmene muli nkhani yonse. Pakati pa okwera panali makaputeni awiri amene tsikulo sanali pa ntchito, David Berezuk wa Air Ontario yomweyo ndi Murray Haines wa Air Canada, ndipo onse ankaona pawindo chipale chonyowa chikuunjikana pa mapiko. Ankadziwa bwino kuti phiko likakhakhala ndi ayezi, ngakhale wochepa, limataya mphamvu yonyamula ndege. Ofufuza anapeza pambuyo pake kuti mafuta ozizira a m'mapikomo anaumitsa chipale chapansi n'kukhala ayezi womatirira, amene mphepo sikanamuchotsa. Wapolisi wina amene anali m'ndegemo anadandaula za chipalecho kwa Sonia Hartwick, mmodzi mwa amayi awiri othandiza okwera, ndipo nayenso mtima unali m'mwamba. Komabe palibe amene anapereka uthenga kutsogolo. Ndege inathamanga, inalephera kukwera, inawomba mitengo n'kugwa ikuyaka pamtunda wosakwana kilomita imodzi kuchokera kumapeto kwa msewu wake. Mwa anthu 69, anafa 24, kuphatikizapo onse awiri amene ankayendetsa ndegeyo.

Zimene Morwood ndi womuthandiza wake, Keith Mills, ankakambirana sizidzadziwika, popeza matepi ojambula mawu ndi kayendedwe ka ndege anawonongeka ndi moto. Chotsala ndi umboni wa opulumuka umene unaperekedwa ku komishoni yofufuza ngoziyi ya Jaji Virgil Moshansky. Umboni wotere uyenera kuwerengedwa mosamala, chifukwa munthu wopulumuka pa ngozi amakumbukira akudziwa kale mapeto ake. Ngakhale zili choncho, mboni zosiyanasiyana zinagwirizana pa mfundo imodzi: makaputeniwo ankakhulupirira kuti amene ali kutsogolo akuona zomwezo ndipo achitapo kanthu, komanso panali mwambo wosalembedwa woti woyendetsa ndege salowerera ntchito ya mnzake. N'chimodzimodzi dalaivala wa basi amene wakwera basi ya mnzake, akumva mabuleki akulira, koma akuopa kuoneka wodzikuza. Hartwick anafotokoza kuti zimene anakumana nazo m'mbuyomo zinamuphunzitsa kuti oyendetsa ndege salabadira chenjezo la othandiza okwera. N'kovuta kumuweruza mayiyu, amene anapulumutsa anthu pamalo angoziwo kenaka n'kudzaima pagulu kuvomereza kuti anakhala chete, pamene anthu awiri odziwa mapiko kuposa iye anakhalanso chete.

Oteteza mwambowu ali ndi mfundo zawo zomveka. Kaputeni ndiye amasenza mlandu wa ndege, ndipo wokhala kumbuyo saona zida, samva wailesi, sadziwa zimene zakonzedwa kale. Mawu ambiri olowerera pa nthawi yonyamuka angathe kusokoneza. Koma ku Dryden wokhala kumbuyo ndiye amene ankaona phiko pafupi, ndipo mtengo wa kulankhula ukanakhala kuchedwa ndi manyazi pang'ono chabe.

Lipoti lomaliza la Moshansky linatuluka mu 1992 ndi malangizo 191, ndipo silinasenzetse mlandu wonse Morwood, koma linaloza chala kampani ndi boma chifukwa cha kulekerera kwawo. Chaka chomwecho, pa 22 Marichi, F28 ina ya USAir inagwa ikunyamuka pa bwalo la ndege la LaGuardia ku New York chifukwa cha ayezi wa pa mapiko, ndipo anthu 27 anafa. Lero malamulo a ku Canada amaletsa kunyamuka ndi chipale kapena ayezi womatirira pa mapiko, ndipo amakakamiza wogwira ntchito m'ndege aliyense amene waona zimenezi kuuza kaputeni nthawi yomweyo, nayenso kaputeniyo aonetsetse kuti mapiko ayenderedwa asananyamuke. Lamulo limeneli likanamumasula Hartwick. Koma silinena za woyendetsa ndege amene wakwera ngati mlendo, ngati mmene analili Berezuk ndi Haines, kapena amene ali m'ndege ina pamzere wodikira kunyamuka akuona phiko la ndege ya patsogolo pake.